Chala pa Batani

Ntchito yanga ndi ya kuseri kwa masipika,
pa bala ya mayi Namwinga ku Kabwata,
Lachisanu lililonse anthabwala akakwera
pa thabwa lomwe tinayala pamwamba pa makreti.

Mayi Namwinga anandipatsa kapepala
kolembedwa kuseri kwa lisiti la mowa:
Akatchula mtundu, zimitsa.
Akatchula chipani, zimitsa.
Akatchula m'busa wa tchalitchi cha pangodya,
zimitsa msanga, ndi mlamu wa mwini nyumba.

Si nkhanza zawo ayi.
M'nyengo yozizira wina anajambula pa foni
masekondi khumi ndi awiri a Yotamu Sakala,
mutu anadula, mchira anadula,
chapakaticho chinakwera chokha maminibasi
kuchokera ku Matero mpaka ku Chelstone,
ndipo loko anagona pa chitseko chathu milungu itatu.

Komatu Yotamu bambo wake ndi wa ku Katete,
mayi wake wa ku Kasama.
Amati m'mimba mwake mbewa ndi nyani amagawana lendi.
Tsiku lomwe tinakaika mayi ake ku Chingwere
ndinaona ndi maso angawa
a chimbuya akumupaka ufa kumaso,
akunyoza bokosi kuti ndi lotchipa,
iye akulira ndi kuseka pakamodzi,
misozi ikulambula tinjira mu ufawo.
Palibe amene anazimitsa maliro aja.

Tsono usiku uja atangoti, "Abale anga akumpoto,"
chala changa chinatsitsa mawu.
Pakamwa pake pankangoyenda ngati nsomba ya m'galasi.
Tebulo la Abemba ndi lomwe linakuwa:
"Bwezani! Talipira kuti atinyoze ifeyo!"
Mtsikana wa ku yunivesite anaimirira nati
mlongo wake anamanidwa ntchito chifukwa cha dzina la makolo,
ndipo nthabwala zotere zimanola mpeni womwewo.
Onse ndinawamva.
Makutu ndili nawo abwino, ndiwo amandidyetsa.

Nditabweza mawu, Yotamu anakhota.
Anasuzumira kuseri kwa masipika.
"Mukumudziwa amene amanditseka pakamwa?
Ndi B-b-b-bonifasi.
Akayamba kufunsira mkazi Lolemba,
pomwe azimaliza, mkaziyo ali ndi ana awiri."

Bala yonse inagwa nazo.
Abemba, akum'mawa, Atonga awiri a pakauntala,
ngakhale mtsikana uja anabisa mano kuseri kwa botolo.
Mitundu yonse inagwirizana pa lilime langa.
Ndinayang'ana kapepala kaja.
Chibwibwi munalibemo.

Chala chinali pa batani.
Ndisaname, chinkalemera.
Ndisanamenso: ya ana awiri ija inali yakupsa,
ndinaimva ikunditekenya pansi pa nthiti,
pomwepo pomwe pankawawa.

Kenako magetsi anapita okha,
Kabwata yense bii, mpaka maloboti a pamsewu wa Burma.
Mumdimamo wina anati ndine,
wina anati ndachita bwino,
wina anati ufulu wolankhula wafa lero
naitanitsa botolo lina la chipepeso.

Ndikupinda mawaya ndi tochi ya foni
Yotamu anabwera, malaya ali chonyowa.
"Unali iwe?"

Ndinatsegula pakamwa.
Liwu linakodwa pakhomo monga mwa masiku onse.
Apa ndi pomwe anthu amandithandiza,
amandiponyera mawu awo ngati makobidi kwa wopempha
kuti apite msanga.
Iye sanaponye kanthu.
Anakhala pa sipika, manja pa mawondo, nadikira,
munthu amene amadya ndi liwiro la pakamwa,
jenereta ya aneba ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
ine ndikukankha chilembo choyamba,
osadziwa ngati chituluke ndi "ayi"
kapena "ndikanakonda."